Madzi asiya kupanga timikanda pa boneti, kodi wakisi wopopera watha kale?

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu. Ndili ndi funso kwa odziwa za penti. Demio yanga ndi yakuda, ndipo kumayambiriro kwa mwezi uno ndinaipaka wakisi wopopera uja wa m'botolo. Poyamba madzi akagwera pa boneti amaima timikanda tating'onoting'ono tozungulira bwino, galimoto ikangonyamuka tonse timathawa. Lero nditatsukitsa ndaona kuti pa boneti ndi pa denga madzi angoyala, timikanda tatsala m'zitseko mokha. Kodi wakisi ameneyu amatha msanga chonchi, kapena andigulitsa wachinyengo?

Wa Car Wash ku Ndirande: Bwana, musanaliimbe mlandu botolo, atsuka ndi sopo wanji?

Bambo a Tadala: Wa ufa, wochapira zovala. Thovu linali lambiri ndithu.

Wa Car Wash ku Ndirande: Ndiye nkhani yagona pamenepo. Sopo wa ufa anamupangira kuchotsa mafuta ndi thukuta pa zovala, ndipo ndi waukali. Wakisi nayenso ndi m'bale wake wa mafuta, sopoyo sangamusiye. Chimodzimodzi sopo wamadzi wotsukira mbale. Makasitomala ambiri amafuna thovu lambiri pa mtengo wotsika, n'chifukwa chake malo ambiri otsukira amathira wa ufa. Amene mwapaka wakisi muzinena mukangofika, kapena muzibwera ndi shampu wanu wa galimoto, wosakhala waukali, uja amalemba pH neutral pa botolo.

Mayi a Thoko: Pepani achimwene, koma zitseko zatsukidwanso ndi sopo yemweyo. Nanga bwanji pamenepo timikanda tilipobe?

Wa Car Wash ku Ndirande: Mwafunsa bwino mayi. Boneti, denga ndi buti ndi malo ogona chagada. Dzuwa limawomba pamenepo tsiku lonse, fumbi limatera pomwepo, zitosi za mbalame pomwepo, ndipo boneti imatenthedwanso ndi injini kunsi kwake. Wakisi wa pamenepo amakhala atafooka kale, sopo amangomalizitsa. Komanso otsuka timakhula kwambiri pa boneti chifukwa ndi pomwe mwini galimoto amayamba kuyang'ana.

Achimwene a ku Joni: Ine ndimagwira ntchito yopukuta ndi kupolisha magalimoto kuno ku Johannesburg. Bambo a Tadala, musafulumire kunena kuti wakisi wachoka. Nthawi zambiri amakhala alipo, koma waphimbidwa. Sopo akapanda kutsukuluzidwa bwino amasiya kakhungu kake pamwamba, ndipo ntchito ya sopo ndi yomweyo yopangitsa madzi kuyala. Fumbi losakanikirana ndi utsi wa dizilo nalonso limachita zomwezo. Yesani chonchi mawa m'mawa boneti isanatenthe: tsukani theka limodzi ndi shampu wa galimoto, tsukuluzani ndi madzi ambiri, pukutani, kenako wazani madzi pa boneti yonse. Timikanda tikabwerera mbali yomwe mwatsukayo, wakisi wanu akadalipo. Tikapanda kubwerera, wapitadi.

Bambo a Tadala: Zikomo achimwene, ndiyesa mawa.

Amisili a ku Biwi: Ine ndimapopera penti, ndipo ndinene mosabisa kuti nkhani ya timikandayi anthu mwaikweza kwambiri. Tengani mafuta ophikira mupake pa boneti, muthire madzi. Apanga timikanda. Kodi pamenepo penti watetezedwa? Timikanda timangokuuzani kuti pamwamba penipeni pali chinthu chomwe sichigwirizana ndi madzi, basi. Chomwe chimalimbana ndi dzuwa ndi kiliya, uja wowala timapopera pamwamba pa mtundu. Ku fakitale amakhala wochindikala ma micron 40 mpaka 50 (micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo mankhwala otchinga cheza cha dzuwa ali m'kati mwakemo. Wakisi wopopera amasiya kakhungu kosafika ngakhale micron imodzi. Ndimalandira ma Vitz, ma Passo ndi ma Note ochokera ku Japan omwe kiliya wa pa denga wayamba kusupuka, mwini wake akundiuza kuti amapopera wakisi sabata iliyonse. Kiliya akayamba kusupuka palibe botolo lomwe lingamubwezeretse. Pamafunika kupala ndi kupoperanso.

Mayi a Thoko: Ndiye mukutanthauza kuti tikungotaya ndalama, amisili?

Amisili a ku Biwi: Ayi mayi, sindinatero. Ndikuti musamayese thanzi la penti poyang'ana timikanda tokha.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndiloleni ndilowererepo, chifukwa nkhaniyi timaikhudza m'kalasi. Madzi amakokana okhaokha. Dontho likagwera pa chinthu, pamakhala mpikisano: kodi madziwo akokana okhaokha kwambiri, kapena akokedwa kwambiri ndi chinthu chomwe agwerapo? Pa galasi loyera bwino, galasilo ndi lomwe limapambana, dontho limaphwatalala. Pa wakisi, madzi amapambana, dontho limadzikunga n'kuima. Akatswiri amayeza ngodya yomwe m'mphepete mwa dontho mumapanga ndi malo omwe lakhalapo. Ikapitirira madigiri 90 amati malowo akukana madzi. Wakisi wabwino amafika cha m'ma 100 kapena kupitirira pang'ono, ndipo pa malo osalala ngati penti ngodyayi siipitirira madigiri pafupifupi 120, kaya mupake mankhwala otani.

Amene munakulira kudimba mukudziwa momwe mame amakhalira pa tsamba la koko: amagubuduka ngati ndolo, tsamba n'kutsala louma. Tsambalo lili ndi phula lake lachilengedwe, komanso lili ndi timabampu tosaoneka ndi maso, ndiye dontho limakhala pamwamba pa timabamputo ndi mpweya kunsi kwake. Pamenepo ngodya imafika madigiri 150 kapena kuposa. Katswiri wa zomera wa ku Germany, Wilhelm Barthlott, ndi mnzake Christoph Neinhuis anafotokoza zimenezi mu 1997 atafufuza masamba a lotus, chomera cha m'madzi. Ndatchula izi kuti mukaona botolo lolonjeza kuti penti wanu akhala ngati tsamba la lotus, mudziwe kuti penti wowala sangafike pamenepo, poti kuwala kwakeko kumachokera pa kusalala.

Amisili akunena zoona kuti timikanda si chitetezo. Koma ndi chizindikiro chokhacho chomwe munthu wamba angaone ndi maso ake kuti kakhungu kaja kalipo kapena kapita.

Wa Car Wash ku Ndirande: Ndipo kakhunguko ntchito kali nayo, amisili. Ine ndimagwira magalimoto tsiku ndi tsiku, kusiyana kwake ndimakumva m'manja. Galimoto yopakidwa wakisi, matope amachoka ndi madzi okha, nsalu imangotsetsereka. Yosapakidwa umachita kukhula, ndipo pokhulapo ndi pomwe timizere tija timabwera, timene timaoneka ngati ukonde wa kangaude galimoto yakuda ikaima padzuwa. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo sizigwiranso msanga. Mwezi wa October jakaranda akamayoyoka, amene amaimika galimoto pansi pa mtengo amadziwa zomwe ndikunena.

Amisili a ku Biwi: Pamenepo tagwirizana. Kuchepetsa kukhula ndiye phindu lake lenileni, chifukwa kiliya akaperepeseka sabwereranso.

Madala a Hilux ku Nchalo: Ana anga, ine timikanda tanuto sinditifuna n'komwe. Kuno ku Chigwa cha Shire mijigo yambiri madzi ake ndi a mchere. Mdzukulu wanga anandipakira wakisi woteroyo, titatsuka madzi anaima timikanda boneti yonse, dzuwa la kuno silichedwa, tinauma pomwepo. Dontho lililonse linasiya kamphete koyera. Kale madzi amangoyala n'kutsika, mawanga samaoneka chonchi. Ndiye chabwino n'chiti?

Mayi a Thoko: Madala mwandilankhulira. Sienta yanga ndi ya buluu woderapo, timatsukira madzi a pa chitsime kunyumba, ndipo timawanga toyera tadzaza pa denga. Wina anandiuza kuti timikanda timasonkhanitsa dzuwa ngati galasi lokulitsira zinthu, n'kuwotcha penti. N'zoona?

Aphunzitsi a ku Zomba: Ayi mayi, si kupsa kumeneko. Dontho lakhala pa penti penipeni, silingasonkhanitse kuwala pamalo pomwe lagonapo mpaka kuwotcha. Chomwe mukuona ndi miyala yosungunuka m'madzi, makamaka calcium ndi magnesium. Madzi akauma, iyo siuluka, imatsala. Madzi akayala, miyalayo imamwazika malo aakulu, yambiri n'kutsika nawo pansi. Akaima timikanda, yonse ya m'dontho limodzi imaunjikana pa kamalo kamodzi, makamaka m'mphepete, n'chifukwa chake imaoneka ngati kamphete. Kuti mudziwe madzi anu, suzumirani m'ketulo yomwe mumawiritsira madzi a pa chitsimecho. Mukapeza zoyera zitamatirira pansi, zomwezo ndi zomwe zikutsala pa denga la Sienta.

Choopsa ndi kuzisiya nthawi yaitali. Zikamatenthedwa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku zimatha kudya kiliya n'kusiya kachipsera komwe nsalu singachotse.

Madala a Hilux ku Nchalo: Ndiye ndanena zoona kuti kwathu kuno wakisi ndi wosayenera.

Achimwene a ku Joni: Madala, ndi ulemu wonse, vuto si wakisi koma kusiya galimoto kuti iume yokha. Ndipo wakisi yemweyo ndi amene angakuthandizeni kuumitsa msanga. Pomaliza kutsuka musawaze madzi mwamphamvu kapena kutsina kukamwa kwa payipi, chifukwa kuwaza ndi komwe kumabala timikanda tambirimbiri. Lolani madzi atuluke pang'onopang'ono, payipi ili pafupi ndi penti, kuyambira pa denga kutsika. Ngati mulibe payipi, thirani ndi jagi modekha. Pa penti wopakidwa wakisi madzi amenewo amatsika onse pamodzi, akukokana, n'kusiya malo pafupifupi ouma. Totsala tochepato mumangopukuta ndi nsalu ya microfibre. Pa penti wosapakidwa zimenezi sizitheka, madzi amamatirira paliponse.

Chinanso, ku Nchalo musatsuke masana. Tsukani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamthunzi, ndipo muzitsukuluza mbali imodzi n'kupukuta musanapite mbali ina. Muyambe mwagwira boneti ndi dzanja. Ikakhala yotentha, dikirani.

Madala a Hilux ku Nchalo: Zothira ndi jagizo ndazimva, ndimuuza mdzukulu. Nanga mawanga omwe alipo kalewa?

Achimwene a ku Joni: Ngati sanakhalitse, sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana, makamaka madzi a mvula kapena a m'botolo. Nyowetsani nsalu, ikani pa mawangawo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri pamthunzi, pukutani, kenako tsukuluzani bwino. Viniga amasungunula miyalayo. Dziwani kuti amachotsanso wakisi pamalopo, ndiye mupoperenso mukamaliza. Mawanga akakana viniga ndiye kuti alowa mu kiliya, pafunika polishi.

Wa Car Wash ku Ndirande: Apa nditsindike, chifukwa makasitomala amasokoneza. Polishi ndi wakisi ndi zinthu ziwiri. Polishi ali ndi timchenga tosalala kwambiri, amapala kiliya pang'ono kuti timizere ndi mawanga zichoke. Wakisi sapala kanthu, amangokuta. Munthu amabwera ndi galimoto yofwifwa akufuna kuti timupoperere wakisi iwale, sizingatheke. Ndipo polishi si wa mwezi uliwonse, mudzamaliza kiliya.

Mlongo wa ku Mzuzu: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Funso langa ndi la mvula. Madzi a mvula alibe miyala imeneyi, koma Fit yanga ikanyowa ndi kamvula kochepa, ikauma imakhala ndi timadontho tofiirira thupi lonse, kuposa ya mnzanga yemwe sapaka kalikonse.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndi nkhani yomweyo mlongo, kungoti apa wolakwa ndi fumbi. Kamvula kowaza, kapena chiperoni cha kuno kummwera, sikakwanira kutsuka galimoto. Kamangosonkhanitsa fumbi lomwe linali kale pa penti, dontho lililonse n'kutenga lake, likauma n'kulisiya pamalo amodzi. Mvula zoyamba za mu November zimabweranso ndi fumbi ndi utsi wa m'mlengalenga wa chilimwe chonse. Mvula yamphamvu ndiye imachita zosiyana: pa galimoto yopakidwa wakisi madontho amagubuduka n'kutenga fumbilo. Ya mnzanuyo nayonso ili ndi fumbi chimodzimodzi, kungoti litsiro lake layala mofanana ndiye diso silikuliona msanga.

Mlongo wa ku Mzuzu: Zamveka. Ndiye ndingopukuta ndi nsalu youma zikatero?

Wa Car Wash ku Ndirande: Ayi ndithu achemwali! Fumbi lathu lofiirali ndi mchenga. Nsalu youma pa fumbi ndiye kupala penti. Thirani madzi kaye.

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji. Ndachita zija anandiuza achimwene a ku Joni. Mbali yomwe ndatsuka ndi shampu timikanda tabwerera, koma si tating'ono tozungulira ngati poyamba. Ndi tatikulu, tophwatalala, tina tosaumbika bwino. Pa denga palibiretu.

Achimwene a ku Joni: Ndiye zonse ziwiri zinachitika bwana. Sopo anaphimba, komanso anadya gawo lina. Timikanda tating'ono, tozungulira, tofanana kukula, ndiye kuti wakisi ndi wamphamvu. Tikayamba kukula ndi kuphwatalala ndiye kuti akutha. Ndipo musadandaule kuti munaberedwa. Wakisi wopopera wamba, pa galimoto yogona panja, amakhala masabata ochepa basi. Wa m'chitini wopaka ndi siponji amatha kufika miyezi iwiri kapena itatu. Wopopera anamupangira kuti muzibwereza pafupipafupi chifukwa satenga nthawi.

Musanapoperenso, chitani ichi: mukatsuka, valani kajumbo kopyapyala kudzanja, yendetsani zala pa denga. Mukamva tokhakhala ngati timchenga, ndiye kuti pali zomatirira zomwe shampu sachotsa, monga phula la mumsewu, utomoni ndi tizitsulo ta ku mabuleki. Wakisi akakhala pamwamba pa zimenezo sagwira penti, amachoka msanga. Zimachoka ndi clay bar, kachinthu kofewa ngati dongo koyeretsera penti, komwe mumayendetsa pa penti wonyowa ndi madzi a shampu. Kenako popoperapo, musathire wambiri. Kupopera kamodzi kapena kawiri pa chitseko chimodzi n'kokwanira. Yalani ndi nsalu imodzi, pukutani ndi ina youma. Mukachulutsa, pa galimoto yakuda pamatsala mizere yamafuta, ndipo timikanda sitiwonjezekera ayi.

Mayi a Thoko: Nanga mabotolo ena amalemba carnauba, ena ceramic. Kusiyana kwake n'kotani? Mtengo ndiye ukusiyana kwambiri.

Aphunzitsi a ku Zomba: Carnauba ndi phula lochokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa kanjedza womwe umamera kumpoto chakummawa kwa Brazil, makamaka m'zigawo za Piauí ndi Ceará. Amadula masamba, kuwayanika, n'kuwapuntha kuti ufa wa phulalo uyoyoke. Ndi lolimba kwambiri mwa maphula achilengedwe, limasungunuka pa madigiri 82 mpaka 86. Chifukwa cha kulimbako silingapakidwe lokha, amalisakaniza ndi mafuta ndi zofewetsa zina, ndipo m'botolo lopopera limakhalamo lochepa, losakanizidwa ndi madzi ndi mankhwala a silikoni. Boneti yakuda padzuwa la October imatha kudutsa madigiri 70, ndiye zosakaniza zofewazo zimauluka msanga.

Achimwene a ku Joni: Olembedwa ceramic kapena SiO2 ndi opangidwa ku fakitale, ndipo amapirira kutentha ndi sopo kuposa carnauba. Kuno m'mashopu mumapezeka a Turtle Wax ndi a Meguiar's, ena mumapopera pa galimoto yonyowa n'kutsukuluza ndi madzi. Amenewa amatha kukhala miyezi ingapo. Kwa galimoto yogona panja kumudziko, ine ndingasankhe amenewa. Koma musawasokoneze ndi ceramic coating yeniyeni, ija ya m'kabotolo kakang'ono yomwe timapaka titapolisha galimoto yonse, n'kuisiya m'nyumba kuti iume osakhudza madzi. Ija imakhala zaka. Munthu akakupoperani za m'botolo kwa mphindi khumi n'kukulipiritsani mtengo wa coating, kanani. Ndipo madala a ku Nchalo amve: ngakhale coating yodulayo imachita mawanga ndi madzi a mchere ikasiyidwa kuti iume yokha.

Mlongo wa ku Mzuzu: Pa galasi lakutsogolo tingapoperenso? Ndimasirira madzi akamathawa okha pa galasi.

Wa Car Wash ku Ndirande: Pa magalasi a m'mbali palibe vuto. Lakutsogolo ndimakana, chifukwa mawaipa amayamba kudumphadumpha ndipo amasiya chifunga chamafuta, usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amamwazika m'maso. Pali mankhwala ake a galasi, monga Rain-X. Komanso samalani kuti wakisi asafike pa ma disiki a mabuleki mukamapopera marimu, ndi bwino kupopera pa nsalu kenako n'kupukutira.

Mayi a Thoko: Funso lomaliza kwa amisili. Chitseko chakumbuyo cha Sienta chinapoperedwa penti watsopano masabata awiri apitawo. Ndingapake wakisi galimoto yonse, kapena chimenecho ndichidumphe?

Amisili a ku Biwi: Chidumpheni mayi. Penti wa ku fakitale amawotchedwa mu uvuni wotentha kwambiri galimoto isanaikidwe mipando ndi mawaya, amatuluka atakhwima. Wathu wa m'magalaja amauma pang'onopang'ono, ndipo thina, mankhwala osungunulira penti aja, amakhala akutulukabe kwa masabata angapo ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Mukamutsekera ndi wakisi amatha kufwifwa kapena kuchedwa kulimba. Dikirani mwezi umodzi pang'ono penipeni, opanga penti ena amati mpaka miyezi itatu, ndiye funsani amene anapoperayo kuti anagwiritsa ntchito penti wanji. Pakadali pano muzingotsuka ndi madzi ndi shampu wofatsa, n'kupukuta.

Ndipo ndipemphe nonse pa gulu pano. Mukamabweretsa galimoto kuti tipopere penti, muzitiuza ngati mwakhala mukupaka wakisi wopopera kapena mafuta owalitsira dashibodi ndi matayala. Silikoni wa m'menemo amakana penti monga momwe amakanira madzi. Akatsalira ngakhale pang'ono, penti watsopano amathawa pamalopo n'kusiya timaenje tozungulira, timene timati fish eye, ndipo ntchito yonse imayambiranso. Tikadziwiratu timatsuka ndi mankhwala ochotsa silikoni tisanayambe kupala.

Mayi a Thoko: Zikomo amisili. Ndiwaimbira mawa ndiwafunse za pentiyo.